Agogo anga sanali mfiti, ndipo kuwala kungathe kuchitira umboni

Agogo anga aakazi, amene anakhala moyo wawo wonse m'mbali mwa nyanja ya Malombe, anayamba ndi kuiwala mayina a zidzukulu, kenako n'kumatuluka usiku kufunafuna njira ya kwa makolo awo amene anamwalira kalekale. Tsiku lina atapezeka m'bandakucha pakhomo la eni ake, mawu akuti "mfiti" anamveka, ndipo amandiwawabe mpaka lero. Ndikulemba chifukwa ndikukhulupirira kuti matenda oiwala otere ali ndi gwero lake m'thupi, gwero limene akatswiri akutha kuliona ndi kuliyeza.

M'chaka cha 1906, dokotala wa ku Germany, Alois Alzheimer, anaunika ubongo wa mayi wina amene anamwalira atadwala matenda oiwala, ndipo anapezamo timibulu ndi tiulusi tachilendo; matendawa lero amatchedwa ndi dzina lake, Alzheimer. M'zaka za m'ma 1980 zinadziwika kuti timibuluto ndi puloteni yotchedwa amyloid-beta, pomwe tiulusi ta mkati mwa maselo ndi puloteni ina yotchedwa tau. M'matenda onjenjemera a Parkinson, youndana ndi alpha-synuclein. Puloteni imodzi ikapindika molakwika imakopa inzake kuti ipindike chimodzimodzi, ziwirizo n'kumatirana ndi zina, mpaka zonse zitapiringizana ngati ukonde umene msodzi sangathenso kuumasula. Zimenezi zimayamba zaka khumi kapena makumi awiri munthu asanayambe kuiwala.

Njira zoyezera ndi kuwala, zimene amazitcha spectroscopy, ndi zimene zandigwira mtima. Yodziwika kwambiri imagwiritsa ntchito utoto wotchedwa Thioflavin T. Utotowu ukakhala wokha m'madzi, zigawo zake ziwiri zimazungulira momasuka, choncho suwala kwenikweni. Koma ukalowa m'timipata ta ulusi wa mapuloteni oundana umakanirira, ndipo ukawalitsidwa ndi kuwala kwa pafupifupi mananomita 450 (muyeso wosonyeza mtundu wa kuwala) umabweza kuwala kwamphamvu kwa mananomita 482. Woyeza amaona nthawi yaitali yachete, kenako kuwala kukwera mwadzidzidzi, pomaliza n'kukhazikika. Njira zina zoyezera ndi kuwala, za infrared ndi Raman, sizifuna utoto n'komwe, chifukwa zimawerenga mmene tizigawo ta puloteni tikugwedezekera ndi kuonetsa ngati yasintha kapindidwe. Utoto wa Thioflavin T uja uli ndi chofooka chimodzi chachikulu: suona bwino timagulu ting'onoting'ono toyambirira, timene akatswiri ambiri amati ndi toononga kwambiri maselo a ubongo.

Palinso njira yotchedwa RT-QuIC, imene inayamba ndi matenda ena a ubongo otchedwa Creutzfeldt-Jakob ndipo kuyambira 2016 ikugwiritsidwa ntchito pa alpha-synuclein. Amatenga madzi ochepa a m'msana wa wodwala, kuwasakaniza ndi puloteni yabwinobwino ndi utoto uja, n'kumagwedeza kwa masiku angapo. Ngati m'madziwo munali mbewu ya matenda, kutanthauza puloteni yopindika molakwika, puloteni yabwinoyo imaundana ndipo makina amaona kuwala.

Ena anganene kuti zimenezi ndi za mayiko olemera. Ine sindikuvomereza. Ogwira ntchito m'malabu a zipatala zathu akhala akupaka makhololo utoto wa auramine kuti tizilombo ta chifuwa chachikulu tiwale pa maikulosikopu, ndipo madokotala athu amatenga madzi a m'msana poyeza matenda oumitsa khosi. Luso lilipo kale. Komanso bungwe la WHO limati mwa anthu oposa 55 miliyoni amene ali ndi matenda oiwala padziko lonse, oposa 60 pa 100 alionse ali m'mayiko osauka ndi apakatikati, kutanthauza kuti odwala ambiri ali kumene makina kulibe.

Chimene ndikupempha n'chakuti kafukufuku alunjike pa zoyezera za magazi zotsika mtengo, popeza kubaya pamsana kumaopsa anthu ambiri. Mu Meyi 2025 bungwe la FDA, loyang'anira zakudya ndi mankhwala ku America, linavomereza choyezera magazi choyamba chothandiza kuzindikira Alzheimer, koma choyezera chilichonse chiyenera kuyesedwanso pa anthu athu, amene magazi awo amakumana ndi malungo, HIV ndi kuchepa kwa magazi. Sukulu ya Kamuzu University of Health Sciences ili ndi nthambi kuno ku Mangochi, ndipo ndingakondwe kuona ophunzira ake akutsogolera ntchito yotere.

N'zoona kuti mankhwala ochiziratu Alzheimer kulibe. Komabe kuyeza kumasiyanitsa matendawa ndi kuiwala kobwera ndi chindoko, HIV kapena kusowa kwa vitamini B12, kumene kuli ndi chithandizo. Ndipo banja likapita kwa amfumu litanyamula pepala la kuchipatala, limakhala ndi poyambira kuteteza kholo lawo. Ife tsiku lija tinalibe pepala lililonse, tinangowagwira dzanja agogo n'kubwerera nawo kunyumba anthu akutiyang'ana.