Tikaweruka kuno ku Joni, tikhale pati?

Abale anga a ku Joni, Lamulungu lapitali nditatuluka m'tchalitchi ndinakakhala pa Beyers Naudé Square, paja pali chipilala cha asilikali, kutsogolo kwa laibulale yaikulu ya mumzinda. Ndinakhala ola lathunthu. Palibe amene anandifunsa kuti ndigula chiyani. M'tauni muno malo otere ndi osowa, poti kwina konse ukafuna mpando uyambe watulutsa ndalama.

Ambirife timagona ku Hillbrow, Berea kapena Yeoville, chipinda chimodzi mabanja awiri, pakati khatani. Mwana wobadwira m'menemo amakula osadziwa kuthamanga pa udzu. Kumudzi tinali ndi bwalo, tinali ndi mthunzi wa mango woti munthu ukhale pansi mtima utsike. Kuno ukaweruka pa ganyu umachoka pa phokoso la matekisi n'kukalowa m'phokoso la pafulati. N'chifukwa chake nkhani ya mapaki ndimayitenga ngati yathu, ngakhale tili alendo.

Chipilalacho chinaimikidwa mu 1926 pokumbukira amene anafa pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ndipo mwezi wa Novembala anthu amabwera kudzaikapo nkhata za maluwa. Ndikachiona ndimakumbuka cha ku Zomba chija cha asilikali a KAR (King's African Rifles, gulu la nkhondo la nthawi ya atsamunda). Mwini dzina la malowa, Beyers Naudé, anali m'busa wa Dutch Reformed amene anakana tsankho poyera mpaka boma linamuika pa chiletso. Ife a ku Nkhoma mpingo umenewo timaudziwa, ndi womwe unayambitsa mishoni ya ku Mvera mu 1889. Ndiye zinandiwawa kuona mabotolo ndi mapepala a chakudya atatayidwa pafupi ndi malo oterowo, ndipo otaya ake ndi ife tomwe timadutsapo.

Ena mudzati m'tauni munatha kale, simungakonzekenso. Pitani ku The Wilds, pakati pa Houghton ndi Killarney, mukaone. Paki imeneyo anthu anaithawa zaka zambiri poopa achifwamba, tchire litatseka njira. Katswiri wina wojambula, James Delaney, anayamba kupitako ndi galu wake n'kumadulira tchirelo. Mu 2017 anapachika m'mitengo akadzidzi achitsulo 67 pa tsiku lokumbukira Mandela. (Kwathu kadzidzi timamuopa, ndipo ndinaima kaye nditawaona, koma ana anga anangoyamba kuwawerenga.) Anthu odzipereka anachuluka, ndipo lero mabanja amayenda m'menemo popanda kulipira polowa. Chinathamangitsa mantha ndi kuchuluka kwa anthu abwinobwino oyendamo.

Tsono wina asandiuze kuti mzinda uno si wathu. Agogo athu anabwera ndi Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito za kumigodi, kudzakumba golide pansi pa nthaka yomwe tikupondayi, ena anabwerera ndi chifuwa, ena sanabwerere n'komwe. Mu 1974 ndege itagwa ku Francistown inapha Amalawi 74 ochokera kumigodi, ndipo a Kamuzu analetsa kulemba anthu a Wenela. Agogo anga aamuna anagwirako zaka zawo, ndipo nditakhala pansi pa chipilala chija ndi iwo amene ndinkawaganiza, ngakhale chinamangidwira ena.

Tili ndi magulu a maliro amene amasonkha ndalama zotumizira thupi kumudzi m'masiku owerengeka. Tili ndi makwaya, tili ndi amayi a Chigwirizano ndi a Mvano. Gulu limodzi litasankha Loweruka limodzi pa mwezi, m'mawa chabe, kutola zinyalala pa Beyers Naudé Square kapena ku Joubert Park, eni dziko akanationa tikugwira ntchito yosalipidwa pa malo a tonse. Ine Loweruka likubwerali ndikhala pa chipilala 8 koloko m'mawa ndi matumba akuda. Amene mungabwere, tengani tsache ndi magolovesi.