Ku Joni intake amagula pamodzi ndi dyno, kuno tikugula phokoso ndi fumbi

Pa tebulo la galaja ina ku Lilongwe pali turbo (chipangizo chopanikiza mpweya wolowa m'injini) ya Subaru WRX yomwe mapiko ake a kutsogolo adyeka ngati chimanga cholowa anankafumbwe. Nsonga zomwe zimayenera kukhala zakuthwa zabunthiratu, ndipo ukalowetsa chala m'paipi yochokera ku fyuluta chimatuluka chofiira ndi dothi. Galimotoyo inabwera bwinobwino kuchokera ku Japan. Chaiwononga ndi cone filter (fyuluta ya mpweya yosongoka, yopanda bokosi) yowala yomwe inabwera pa basi ya ku Joni, n'kumangidwa pomwe panali bokosi la air cleaner, popanda woyeza chilichonse. Zimenezi zikundipweteka, chifukwa pamisewu yathu pakuchuluka ma WRX, ma Golf GTI ndi ma BMW 335i, ndipo theka la eni ake akulota chinthu chomwechi.

Abale anga, tinene chilungamo. Anzathu a ku South Africa pa nkhani iyi anatisiya kutali. Munthu wa ku Gauteng akafuna intake (paipi ndi fyuluta zolowetsa mpweya m'injini), kapena induction kit monga amaitchulira, amayamba watchula injini yake, n'kugula yopangidwira injini imeneyo. Akamanga, galimoto imakwera pa dyno, makina oyezera mphamvu ya injini, wotchuna n'kuona ngati mafuta ndi mpweya zikusakanikirana bwino pomwe turbo yadzaza. Ngati sizili bwino amasintha software tsiku lomwelo. Akatero amapita ku mabwalo a mpikisano wa magalimoto a Tarlton kapena Zwartkops kukaona ngati ndalama yake yabala kanthu. Ife tinangotengako kumva vrr-pha. Timagula chomwe chikuwala, amakaniko n'kudula paipi, kuikapo kilampu, kuponda moto kawiri, ikalira fyuu aliyense n'kuomba m'manja.

Pomwe pamagona nkhani ndi pa kasensa kotchedwa MAF. Kamakhala m'paipi, kuseri kwa fyuluta, ndipo kali ndi kawaya kotentha komwe kamazizira mpweya ukamadutsa. Kasensako sikayeza mpweya wonse, kamangolawa pang'ono, kompyuta ya galimoto n'kuwerengera wotsalawo potengera kukula kwa paipi yomwe inachokera ku fakitale. Mukasintha kukula kwa paipiyo mwainamiza kompyuta. Tiyerekeze kuti inali ya mamilimita 70, inu mwaika ya 76. Kusiyana kwa mamilimita 6 kukuoneka kochepa, koma bowo lakula ndi pafupifupi 18 peresenti. Mpweya womwewo ukudutsa mwapang'onopang'ono, sensa ikunena kuti ndi wochepa, kompyuta n'kuchepetsa petulo. Mukamayenda mwaulemu m'tauni, sensa ya ku ekizozi imathandiza kukonza cholakwikacho, n'chifukwa chake ambiri amati galimoto ili bwino. Koma pa Subaru mukaponda mpaka pansi, kompyuta imasiya kumvera sensa ya ku ekizozi, imadalira zomwe MAF yanena. Petulo akachepa turbo itadzaza, moto umaphulika nthawi isanakwane, injini imagogoda, ndipo pa injini ya Subaru ya EJ25 chomwe chimasweka msanga ndi mphepete mwa pisitoni pomwe pamakhala ma ring'i. Mapeto ake ndi utsi, kumwa oyilo, kenako ovaholo.

Si galimoto zonse zili choncho. Golf GTI ya Mk5 ndi Mk6 ili ndi MAF, pomwe Mk7 ilibe, imayeza mphamvu ya mpweya ndi sensa zina, choncho kusintha intake sikuisokoneza kwambiri. Wogulitsa wa ku Joni wodziwa ntchito yake amakufunsa funso limeneli usanatulutse khadi. Kuno ndi angati amafunsa? Ndipo pa galimoto ya MAF, musayerekeze kuonjezerapo dump valve yotayira mpweya kunja. Mpweyawo unawerengedwa kale, petulo wake wathiridwa kale, ndiye mukautaya galimoto imathapsa mafuta posintha giya, nthawi zina kuzima pa maloboti.

Pali chinanso chomwe software yotchunidwa ku South Africa sichidziwa za ife. Kumeneko wotchuna amadalira petulo wa 95 wopezeka pa filling station iliyonse. Petulo wathu amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe za ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, ndipo ethanol akakhala 10 peresenti injini imafuna mafuta oonjezera pafupifupi 4 peresenti kuti moto uyake moyenera. Galimoto yosasinthidwa imakonza yokha zimenezi mosavuta. Koma mukaphatikiza ndi paipi yonamiza sensa, kenako mafuta asowe muthire a m'zigubu osadziwika komwe achokera, mwaunjika zolakwika zitatu mbali imodzi.

Apa ndiwagonjere pang'ono anzathuwo, chifukwa kwawoko intake ili ndi chifukwa chomveka. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, ndipo mpweya wake ndi wopepuka, cha m'ma 82 kPa (muyeso wa mphamvu ya mpweya) poyerekeza ndi 101 ya ku Durban. Kuti turbo ifikitse 200 kPa m'injini, ku Durban imapanikiza mpweya kawiri, ku Joni pafupifupi kawiri ndi theka. Turbo yotere ikugwira ganyu wolemetsa, ndipo chilichonse choitsekereza kukamwa chimaiwonjezera katundu. Lilongwe ndi Blantyre zili cha m'ma 1,000 mita, pakatikati. Ndiye inde, pa galimoto yomwe yaikidwa kale downpipe (paipi ya ekizozi yochokera ku turbo), intercooler (yoziziritsa mpweya wochokera ku turbo) yaikulu ndi software, bokosi la ku fakitale limatha kuyamba kuchepa. Pa galimoto yosatchuna, phindu lake ndi laling'ono moti thupi lanu silingalimve, ndi khutu lokha limamva.

Koma kugonja kwanga kukuthera pomwepo, chifukwa malangizo a ku Sandton, dera la ku Joni, sadziwa fumbi la Okutobala. Munthu amene amayenda pa msewu waukulu wa N1 wa kumeneko tsiku ndi tsiku sangakuuzeni zoyenera galimoto yomwe imachoka pa tala kulowa msewu wa dothi wa ku Area 25, kapena kutsatira thiraki pa diversion mphindi makumi awiri mawindo ali otseka. Fyuluta ya thonje yopaka mafuta imapuma bwino chifukwa mabowo ake ndi aakulu, ndipo fumbi losalala ngati ufa woyera limadutsa mochuluka kuposa pa ya pepala. Gudumu la turbo limazungulira kupyola ka 100,000 pa mphindi. Pa liwiro limenelo kamchenga kalikonse ndi tupa. Katsalako kamapita m'masilinda kukapala ma ring'i. Zomwe zikugulitsidwa motchipa zolembedwa mayina a makampani otchuka, zambiri si zenizeni, kaya zachokera ku Joni kaya ku Dar es Salaam. Yesani kuiyang'anitsa ku dzuwa: ngati mukuona timabowo ta kuwala ngati sefa, imeneyo ndi yotchinga ziwala zokha.

Pa nkhani ya fumbiyi a ku Zambia ndimawapatsa ulemu. Kumeneko mpikisano wa rally unazika mizu kalekale, ndipo munthu amene waonapo Subaru ikuthamanga m'fumbi amadziwa kuti kusefa kumabwera patsogolo pa phokoso. Ku Tete vuto ndi kutentha basi, cone yosatchinga kumeneko ndi kupumira mu uvuni.

Kutenthako ndi kwathu komwe. Bokosi la ku fakitale limakoka mpweya wa kunja, kutsogolo kwa boneti. Cone yongopachika imakoka wa m'kati, womwe wadutsa pa radiator ndi kuzungulira turbo yotentha. Mpweya ukatentha ndi madigiri 10 umapepuka ndi pafupifupi 3 peresenti, ndipo m'boneti mukaima pa mzere wa magalimoto pa Chipembere Highway kutentha kumakwera kuposa apo kangapo. Intercooler imachotsako kwina, osati konse, makamaka ya pamwamba pa injini ngati ya WRX yomwe imawotcheka galimoto ikaima. Kompyuta ikaona mpweya wotentha imabweza timing (imachedwetsa kuyatsa moto), ndiye mwalipira ndalama kuti galimoto ifooke. Ena pothawa zimenezi amatsitsira fyuluta pansi, kuseri kwa bampala. M'chilimwe zimayenda. Januwale akafika, madzi atadzaza msewu, fyulutayo ikamira injini imayamwa madzi. Madzi sapanikizika. Kapu imodzi yokha ikalowa m'silinda imapinda con rod (chitsulo chogwira pisitoni), injini n'kunoka pomwepo.

Tsono wofuna kusintha achite chiyani? Ngati galimoto ili monga inabwerera, siyani bokosi, ikani fyuluta ya pepala ya kampani yodziwika, muziiyang'ana pa sevisi iliyonse ndipo m'nyengo ya fumbi musaipyoletse makilomita 10,000. Musalole kuti aipope ndi kompuresa, chizolowezi chomwe chili m'magalaja athu ambiri: mphepo yamphamvuyo imang'amba pepala timabowo tosaoneka ndi maso. Ngati galimoto ndi yotchuna ndipo intake ikufunikadi, sankhani ya bokosi lotseka, yokoka mpweya kutsogolo komanso m'mwamba, ya fyuluta youma yosafuna mafuta, ndipo malo a MAF akhale ofanana ndi a ku fakitale pokhapokha ngati wotchuna wanena kuti akonza manambala ake. Paipi zing'onozing'ono za breather, zopumira injini, zibwerere m'malo mwake, zisasiyidwe zikulendewera, chifukwa mpweya wolowa kuseri kwa sensa ndi wosawerengedwa.

Dyno ingakhale kutali, koma kuyeza kwina kuli m'manja mwathu. Kachida ka OBD2, kowerenga kompyuta ya galimoto, kolumikiza ku foni ndi kotchipa kuposa cone yomweyo. Musanamasule chilichonse, yendani mphindi 20, mulembe long term fuel trim (kuchuluka kwa petulo amene kompyuta ikuonjezera kapena kuchotsa) ndi kutentha kwa mpweya wolowa. Mukamanga, yendani masiku awiri kapena atatu, muwerengenso. Trim ikapyola 10 peresenti, kapena kukatuluka code ya P0171 (petulo wachepa) kapena P0101 (vuto la MAF), musaponde moto, bwezerani bokosi lakale. Za fumbi, pakani girizi woyera pang'ono m'kati mwa paipi kuseri kwa fyuluta, kutali ndi sensa, mudzaone pakatha milungu iwiri. Akamamveka mchenga pa chala, fyulutayo kapena pomwe yamangidwa pakudontha.

Amene muli nayo kale fyuluta yopaka mafuta ndipo simukufuna kuitaya, chonde musaitsuke ndi petulo kapena parafini, ndipo musaipake oyilo wa injini. Gwiritsani sopo ndi mafuta ake enieni, muitsuke kuchokera m'kati kupita kunja ndi madzi osathamanga, iume yokha pa mthunzi, mupake pang'ono pa mzere uliwonse, mudikire mphindi 20 kuti alowerere. Mafuta akachuluka amaulukira pa kawaya ka MAF n'kukaphimba, sensa n'kuyamba kuwerenga mochepa. Kawayako sikakhudzidwa ndi nsanza kapena burashi, kamangopoperedwa ndi mankhwala olembedwa kuti MAF cleaner, n'kusiyidwa kuti kaume musanalumikize waya. Ndipo bokosi lakale lija musaligulitse kwa a sipeya, lisungeni m'nyumba pamodzi ndi mabawuti ake, chifukwa kuliitanitsanso ku Japan kudzera pa Songwe ndi milungu yambiri galimoto ili pa mwala.