Achimwene anga akhoza kuphunzitsa madokotala

Nkhaniyi ndakhala nayo mumtima kuyambira dzinja lija nde lero ndiyankhule basi, okwiya akwiye.

Achimwene anga aakulu anadwalapo misala, yeniyeni yovula malaya pamsewu ija. Tinazungulira nawo kwa asing'anga, kumapemphero, mbuzi ziwiri zinapita, mpakana tinakafika ku Zomba Mental komwe anagonekedwa n'kubwerako ali bwinobwino. Pano amabayitsa jakisoni kamodzi pamwezi, amalima kachewere kuno ku Tsangano, fizi ya ana amalipira okha, ineyo ndikashota ndimakabwereka kwa iwowo.

Nde dzinja lapitali anayamba kutentha thupi, kutsokomola, kubanika, usiku n'kumabwebweta. Tinathamangira nawo kuchipatala china, dzina sinditchula. Tinapeza mnyamata wophunzira udokotala, gawuni yoyera mbee, waulemu ndithu poyamba, "bambo chavuta n'chiyani?" Atangotsegula buku la kuchipatala n'kuona mankhwala aja nkhope inasintha. Anasiya kuyankhula ndi achimwene n'kumafunsa ine ngati eni akewo asanduka thumba la chimanga, kenako ndinamumva akunong'oneza mnzake kuti awa ndi a ku Zomba, adikire nesi wa amisala. Chomvera m'chifuwa chili pakhosi pake pomwepo koma osachigwira. Mwayi wake panadutsa anesi ena achikulire, anangowayang'ana kapumidwe n'kuti iwe mwana wanga, tawamvera m'chifuwa abambowa. Chinali chibayo.

Mnyamata uja sindimuda ayi. Ndi mwana wa m'midzi mwathu momwemu, anakula akumva zomwe tonse tinamva, zoti wamisala ndi wachamba, kapena anaphonya zizimba, kapena anamulodza chifukwa cha nzeru za kusukulu, ndipo tisanamizane nafenso tinkawagenda tili ana. Zimenezi munthu sazisiya pageti tsiku lomwe walowa koleji, amalowa nazo. Boma lomwe linakhala zaka zoposa 70 likuyendera lamulo la atsamunda la 1948 pankhani ya matendawa, nde mwana wa zaka 22 timudabwe chani.

Chomwe ndikuona ine ndi ichi. Ophunzirawa odwala maganizo amakumana nawo pa nthawi yoipitsitsa yokhayokha. Amapita kuwodi ya amisala masabata owerengeka, amaona obwera atamangidwa zingwe, obwera ndi apolisi, ena akuwodzera ndi mankhwala a chlorpromazine, ena khosi litauma ndi a haloperidol. Munthu amene anachira samuona chifukwa wochira kuwodi akatani, ali kudimba kwake. Nde amamaliza sukulu mayina a matenda ndi mankhwala ali m'mutu koma mumtima akadali ndi zoti misala siichira ndipo chonena munthu wotereyu n'chosamvera. Chonsecho akuluakulu anati wamisala anaona nkhondo.

Maganizo anga ndi oti a yunivesite ya zaumoyo ya Kamuzu (KUHeS), a Malawi College of Health Sciences ndi makoleji a mishoni omwe aziitana anthu ngati achimwene adzaime kutsogolo kwa kalasi. Osati kudzawaonetsa ngati chitsanzo cha matenda ayi, adzaphunzitse, choko m'manja, alipidwe ngati mphunzitsi wina aliyense. Anthu ake alipo, bungwe la MeHUCA ndi la odwala ndi owasamalira omwewa, a Saint John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe nawo ali ndi ochira ambirimbiri. Omwe anafufuza za kusalanaku m'mayiko ena anapeza kuti kucheza ndi munthu wochira kumasintha mtima kuposa kungomvera lekichala, komanso kuti zikangochitika kamodzi zimazilala pakapita nthawi. Nde zisakhale za pa 10 Okutobala pokha, tsiku lokumbukira umoyo wa maganizo padziko lonse, lovala matisheti ndi kugawana zakumwa lija, ziyambe chaka choyamba mpaka chomaliza. Pa mayeso pomwe aziikapo wodwala wa buku ngati la achimwene koma ali ndi malungo a muubongo kapena shuga watsika, wothamangira kunena kuti ndi misala alephere.

Wina anena kuti zaulemu chabe izi, vuto lenileni ndi kusowa kwa mankhwala. Eya mankhwala amasowadi, ifenso tabwererapo chimanjamanja. Koma a WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, amati anthu odwala kwambiri maganizo amafa msanga ndi zaka 10 mpaka 20 poyerekeza ndi anzawo, ndipo ambiri chimawapha si misalayo, ndi matenda wamba ochizika omwe sanaonedwe pa nthawi yake. Akatswiri a matendawa m'dziko muno ndi ochepa zedi, kuno ku Ntcheu wodwala akumana ndi mnyamata ngati uja basi, chaka chamawa akhala ali yekha pa health centre popanda anesi achikulire odutsa.

Komanso ophunzira eni akewo ena mwa iwo amadwala nkhawa n'kumabisa, auza ndani poti amamva mmene anzawo amasekera kuwodi.

Dzulo ndinawafunsa achimwene kuti atakuitanani ku Blantyre mukayankhule ndi ana a udokotala mungapite? Anaseka kaye. Akuti bola andibwezere thiransipoti ndipo isakhale nthawi yokumba kachewere, ndikawauze mmene jakisoni uja amaumitsira khosi, komanso azindifunsa ineyo osati iwe.