Zambia ili pa mndandanda, ife tatsala ndi masamu

Msuweni wanga amaphunzitsa sayansi ku Chipata, ine kuno ku Area 25, ndipo akangodutsa pa Mchinji kudzationa timakangana mpaka nsima kuzizira. Ulendo uno mkangano unali wa LISA.

LISA ndi masetilaiti atatu amene bungwe la European Space Agency linavomereza mu 2024 kuti amangidwe, ndipo akuyembekezeka kunyamuka cha m'ma 2035. Azidzazungulira dzuwa kumbuyo kwa dziko lathu atakhala ngati mafuwa, lililonse kutalikirana ndi linzake makilomita 2.5 miliyoni. Ntchito yawo n'kumva mafunde amene amatambasula ndi kufinya mlengalenga ma black hole akuluakulu (malo a mlengalenga okoka mwamphamvu moti ngakhale kuwala sikuthawamo) akamawombana. Makina a LIGO ku America anayamba kumva mafunde otere mu 2015, koma mikono yake, mipaipi imene kuwala koyezera mafundewo kumadutsamo, ndi ya makilomita 4 okha, komanso nthaka imanjenjemera, motero mafunde oyenda pang'onopang'ono amawaphonya.

Msuweni uja akuti ife tinagona. Zambia ndi Mozambique zili m'gulu la maiko asanu ndi atatu ogwirizana ndi South Africa pa telesikopu ya SKA, yomvera mafunde a wailesi ochokera mlengalenga kudzera m'madishi ambiri, pomwe Malawi mulibemo. Apa sindinamutsutse. Achinyamata awo akhala akuphunzitsidwa za nyenyezi kudzera mu pulogalamu ya DARA, athu akungomva. Komabe ndinamufunsa kuti madishi a SKA ku Zambiako ali pati, poti gawo loyamba likumangidwa ku South Africa ndi ku Australia basi. Anangoseka. Chimene iwo apindula ndi anthu ophunzira, zitsulo sizinafike.

South Africa ndiye ina. Anathira ndalama, n'kuimika madishi 64 a telesikopu ya MeerKAT ku dera louma la Karoo mu 2018, ndipo pano akusaka nawo mafunde omwewa poyang'anira nyenyezi zophethira zotchedwa pulsar. Njira imeneyo si ya thumba lathu, tisanamizane.

Koma taonani pamene LISA yafika. Masetilaitiwo sanapite, ndiye yambiri mwa ntchito ya lero ndi yowerengera mmene adzamvere. Ganizani mabwato atatu a usipa usiku ku Senga Bay, lililonse likuunika linzake ndi nyali, funde n'kudutsa pakati. Nyali ya masetilaitiwo ndi leza (laser), kuwala kowongoka ngati ulusi, ndipo kumatenga masekondi opitirira 8 kuti kufike pa setilaiti inayo, mikono itatuyo, kutanthauza mitunda ya pakati pa masetilaitiwo, silingana ndendende, imatalika n'kufupika chaka chikamayenda, ndipo kusakhazikika kwa leza yeniyeniyo kumaposa funde lofunidwalo kutalitali. Akatswiri amatenga miyeso ya mbali zonse, n'kuichedwetsa mwadala ndi nthawi yowerengeredwa bwino, kenako n'kuiphatikiza kuti phokoso la leza lidyane lokha, funde litsale. Pamwamba apo mafuwa onsewo amatembenuka kamodzi pachaka, ndiye gwero limodzi la mafunde limamveka mosiyana mu Januwale ndi mu Julaye. Zonsezi zimafuna masamu ndi kompyuta, ndipo deta yoyeserera ya LISA Data Challenge ili pa intaneti.

Apa mpomwe ndikuona kuti wophunzira wa masamu ku Zomba kapena ku MUST angalowere popanda dziko kugula dishi. Msuweni anandikumbutsa za magetsi ndi mtengo wa bandulo, n'kuwonjeza kuti mwana wopanda womuyang'anira amene anaidziwa ntchitoyi sangafike patali, ndipo oyang'anira oterowo ndi amene DARA yawapatsa iwo. Pamenepo anandigwira pakamwa. Ndinangomufunsa ngati angandilumikize ndi mmodzi mwa iwo sukulu zisanatsegulidwe.