Ndalama ndi za amayi, koma foni yawo ndiyo yakanidwa

Anzanga, mundilole nditulutse zomwe zakhala zikundidya mumtima kuyambira sabata yatha.

Amayi anga anali mphunzitsi wa pulayimale, ndipo penshoni yawo imalowera ku banki ina muno m'tauni. Foni yomwe ali nayo ndinawagulira ndine mu 2017, kafoni kotchipa ka Android, galasi lake linang'aluka pakona koma kamagwira ntchito. Amayimbira, amamvera nyimbo za kwaya, amalandirira zithunzi za zidzukulu pa WhatsApp. Zaka zingapo zapitazo anthu a kubankiko ndi omwe anawanyengerera kuti aike app ya banki, ati asamavutike ndi kuima pamzere. Anavomera monyinyirika, kenako anazolowera, mpaka ankadzitama kwa anzawo a kumvano kuti mayunitsi a ESCOM amagula ali khale pakhonde.

Lachiwiri m'mawa mita inayamba kulira. Atsegula app, yawauza kuti apange update kaye. Adina pomwe yawauzapo, yawapititsa ku Play Store, sitolo ya Google yotengerako ma app, ndipo kumeneko kwalembedwa m'Chingerezi kuti foni yawo siyogwirizana ndi app yatsopanoyi. Abwerera, app yakale ikukana kutseguka, ikungobwereza zomwezo. Khomo lakutsogolo latsekedwa, lakumbuyo latsekedwanso. Atandiimbira sanafunse za foni ayi. Anafunsa kuti, "Ndiye kuti ndalama zanga zapita?"

Funso limenelo ndilo landilembetsa zonsezi. Kwa ine ndi inu, app ndi app, akaunti ndi akaunti. Kwa munthu yemwe anauzidwa kuti banki yake tsopano ili m'foni, app ikafa ndiye kuti banki yatseka ndi ndalama zake m'kati.

Mawa lake tinakwera minibasi kupita kunthambi. Titaima pamzere mpaka miyendo kuwawa, mtsikana wa padesiki anatenga foni ija, kuitembenuza uku ndi uku, n'kunena mwaulemu ndithu kuti, "Amayi, foni yanuyi ndi yakale, app yathu ikufuna Android 8 kupita m'mwamba. Mungogula ina." Amayi anamuyang'ana n'kuti, "Mwana wanga, yakale bwanji poti ikuyimba bwinobwino?" Mtsikanayo anangomwetulira. Sindikumuimba mlandu, si iye anapanga chiganizocho, ndipo ndikukhulupirira kuti tsiku limenelo mawu amenewo anawanena kwa anthu ambiri.

Koma mawu akuti "mungogula ina" aja. Kungogula! Mu Meyi 2022 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 inachepetsedwanso ndi 44 peresenti, ndipo foni iliyonse yomwe ili m'sitolo muno inabwera kuchokera kunja, yogulidwa ndi ndalama zakunja. Munthu wa penshoni ya uphunzitsi mukumuuza kuti angogula foni ngati mukumutuma tomato.

Ndifotokoze pang'ono chomwe chinachitika, chifukwa ambiri timangoti "foni yakana" osadziwa kuti yakana pati. Android ndi pulogalamu yaikulu yomwe imayendetsa foni, ndipo foni iliyonse ya Android ili ndi nambala ya mtundu wa Android womwe ili nawo. Android 6, yomwe ili m'foni ya amayi, inatuluka mu 2015. Android 7 mu 2016, Android 8 mu 2017, Android 9 mu 2018, Android 10 mu 2019, choncho chaka ndi chaka. Wopanga app amalemba m'kati mwake nambala yotsikitsitsa yomwe app yakeyo ingavomere, ndipo Play Store ikaona kuti foni yako ili pansi pa nambala imeneyo, imakubisira app kapena kukukaniza. Zilibe kanthu kuti batire ikusunga moto kapena kuti sipika ikumveka bwino. Chomwe chakalamba ndi cham'kati chosaoneka.

Ndiye wina afunsa kuti bwanji osangokweza Android yomweyo? Apa ndi pamene pagona nkhani. Wokweza Android m'foni yako si iwe, ndipo si banki, ndi kampani yomwe inapanga foniyo. Mafoni odula amasamalidwa nthawi yaitali: Google inalonjeza zaka 7 za ma update pa Pixel 8 mu 2023, Samsung nayo inalonjeza zaka 7 pa Galaxy S24 mu 2024. Mafoni otchipa ambiri amafa ndi Android yomwe anabadwa nayo. Tsono yang'anani m'minibasi, pamsika, pamaliro, muone mafoni omwe ali m'manja mwa anthu. Ndi itel, Tecno, Infinix, ma Samsung ang'onoang'ono, ndi ena ogwiritsidwa kale ntchito omwe abale amatumiza kuchokera ku Joni. Wa Pixel mumuona kangati? Choncho lamulo lakuti "Android 8 kupita m'mwamba" likamalembedwa mu ofesi yozizira bwino, lupanga lake limagwera anthu omwe ndalama yogulira foni ina alibe.

Ndisakhale wokondera. Banki ili ndi chifukwa chake, ndipo ndi chomveka. Android yakale ili ndi mabowo omwe anadziwika kalekale ndipo palibe akuwatseka. Akuba a masiku ano sathyola zenera, amalowera m'mabowo oterowo. Ndalama za amayi zitabedwa kudzera m'foni yakaleyo, ndine ndemwe ndikanakhala woyamba kulalata pano kuti banki siteteza makasitomala. Ngakhale WhatsApp inasiya kugwira ntchito m'mafoni a Android yotsika kuposa 5.0 pa 24 Okutobala 2023. Palibe app yomwe ingasenze foni iliyonse mpaka kalekale, zimenezo ndikuvomereza.

Chomwe sindikuvomereza ndi kachitidwe kake. WhatsApp, yomwe sitilipira kalikonse, imachenjeza nthawi ikadalipo kuti foni iyi tiisiya. Banki ya amayi, yomwe imadula ndalama mwezi ndi mwezi ndipo imadziwa kutumiza uthenga wotsatsa ngongole ngakhale Lamulungu, inalephera kutumiza SMS imodzi yokha yonena kuti pofika tsiku lakuti, mafoni akutiakuti app idzasiya. Akuluakulu amati chakudza sichiyimba ng'oma, koma ichi chinali ndi mwini wake yemwe ankadziwa tsiku lake, ndipo ng'oma anali nayo m'manja.

Ndipo nambala ya Android si msampha wokhawo. Mlamu wanga anabwera ndi Huawei yokongola kuchokera ku Johannesburg, yatsopano, kamera yake ngati ya wojambula maukwati. Kufika pofuna app ya banki, Play Store mulibe. Iye ankaganiza kuti amugulitsa yabodza, koma ayi. Mu Meyi 2019 boma la America linaika Huawei pamndandanda wa makampani oletsedwa kuchita malonda ndi makampani a kumeneko, ndipo mafoni atsopano a Huawei omwe anatuluka pambuyo pake, kuyambira Mate 30, sabwera ndi mapulogalamu a Google. Ali ndi sitolo yawoyawo yotchedwa AppGallery. Ngati banki yako sinaike app yake mmenemo, kapena app yakeyo imadalira za Google kuti iyende, foni yako yodulayo yasanduka ya zithunzi basi. Mkangano wa Washington ndi Beijing, wovutika n'kukhala munthu wofuna kulipira fizi ku Ntcheu.

Palinso ija ya kuflasha. Foni ikazima kapena ukaiwala pateni, umathamangira kwa achimwene okonza mafoni pamsika, iwo n'kuilumikiza ku laputopu, patapita ola limodzi yadzuka. Umachoka ukuthokoza. Koma nthawi zina kuti aidzutse amakhala atathyola loko wa m'kati kapena kuikamo pulogalamu yosachokera kwa mwini foni. Ma app ambiri a mabanki amafufuza zimenezi, akapeza kuti foni inatsegulidwa motero amakana kuyenda. Facebook iyenda, nyimbo ziyenda, banki yokha ndiyo ikana, ndipo sikuuza chifukwa chake m'chilankhulo choti umve. Chimodzimodzi mafoni ofanizira aja, olembedwa dzina la kampani yotchuka kunja koma m'kati muli zina. Mukafuna kudziwa za yanu, lowani mu Play Store, pitani ku Settings kenako About, pansi pake pamalembedwa ngati foniyo ili yovomerezeka ndi Play Protect kapena ayi. Nambala ya Android nayo ili mu Settings ya foni, pa About phone. Mukamagula foni, makamaka yogwiritsidwa kale ntchito, onani ziwirizi musanapereke ndalama, ndipo ngati n'kotheka ikani app ya banki yanu pomwepo wogulitsa akuona.

Za sipesi sinditaya nazo nthawi, tonse tikuzidziwa. Foni ya 8GB kapena 16GB, theka linadyedwa kale ndi zomwe inabwera nazo, app ya banki ikukula update iliyonse, munthu n'kumafufuta zithunzi za ukwati wa mwana wake kuti aone balansi. Google yomwe inazindikira vutoli n'kutulutsa Android Go mu 2017 ya mafoni ochepa mphamvu, Facebook inapanga Facebook Lite. Banki yomwe makasitomala ake ambiri ali ndi mafoni otere ikulephera chiyani kupanga app yopepuka, yongoona balansi, kutumiza ndalama ndi kulipira mabilu, yopanda zithunzi zovinavina?

Tsono chomwe chikundiopsa kwambiri ndi ichi. Munthu akakanidwa ndi Play Store sakhala pansi, amasaka njira ina. Tili pamzere paja, bambo wina kumbuyo kwathu anamva nkhani yathu n'kundinong'oneza kuti, "Achimwene, musavutike, pali mnyamata amaika yakale ija, amangotumiza pa WhatsApp." Ankanena ndi mtima wabwino. Koma taganizani: fayilo ya app ya banki yochokera kwa munthu wosamudziwa, yodutsa m'mafoni angapo, ndiye inu mulembemo nambala ya akaunti ndi pini yanu. App yabodza imatha kuoneka ndendende ngati yeniyeni, mtundu womwewo, chizindikiro chomwecho, ntchito yake n'kungotola zomwe mwalemba ndi kuwerenga ma SMS obwera ndi nambala yachinsinsi yochokera ku banki. Chonde musayerekeze. Ndipo apa ndi pomwe ndikuti banki ikudzitsutsa yokha: yatseka app ponena kuti ikuteteza anthu, koma poitseka mwakachetechete, osawasonyeza kolowera, yawakankhira m'manja mwa akuba omwewo.

Kolowera kunalipo, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti padesiki paja sanatiuze mpaka nditafunsa ndekha. Ndi kakhodi kaja koyamba ndi nyenyezi n'kuthera ndi hashi, komwe akatswiri amati USSD. Sikafuna intaneti, sikafuna bandulo, sikafunsa kuti Android yako ndi nambala chani, kamayenda ngakhale pa kafoni ka mabatani. Ndi njira yomweyi yomwe inapangitsa kuti Airtel Money, yomwe inayamba muno mu 2012, ndi TNM Mpamba ya mu 2013, zifike kumudzi komwe nthambi ya banki sinafikeko. Agogo amadziwa *211# ndi *444# pamtima. Mabanki nawo ali ndi makhodi awo. Koma m'malo moinyadira njirayi, ena amaitenga ngati mwana wopeza. Zotsatsa zonse ndi za app, ogwira ntchito amakankhira anthu ku app, ndipo pa khodi ya banki ya amayi tinapeza kuti zina zomwe ankachita pa app palibepo, monga kuona bwinobwino mmene ndalama zayendera miyezi yapitayi.

USSD ili ndi zovuta zake, sindikubisa. Imadula ukachedwa kuyankha, ndipo munthu wamkulu wowerenga pang'onopang'ono ndi magalasi amapezeka wayambiranso katatu. Ukalakwitsa nambala imodzi ya mita, uyambirenso. Koma vuto lotere ndi lokonzeka ngati eni ake atafuna. Reserve Bank of Malawi yakhala ikutilimbikitsa kuti tichepetse kuyenda ndi ndalama m'thumba, tizilipira pa foni ndi pa makadi. Ine ndikugwirizana nazo. Komano ngati ndi choncho, pakhale lamulo lakuti banki isanasiye mtundu wina wa mafoni izichenjeza makasitomala miyezi ingapo nthawi isanakwane, pa SMS, m'Chichewa ndi m'Chitumbuka momwe, osati m'Chingerezi chokha cha pa Play Store. Ilembe poyera pakhomo pa nthambi iliyonse kuti app yathu imafuna foni yotere, kuti munthu asanagule adziwe. Ndipo chilichonse chofunikira chomwe chili pa app chipezekenso pa khodi, pamtengo wosaposa wa pa app, chifukwa sizoona kuti wosauka azilipira zambiri pa chifukwa chakuti foni yake ndi yotchipa.

Ena munena kuti dziko likupita patsogolo, otsalira atsale. Ndakumvani. Ingokumbukirani kuti foni yomwe mukuwerengera izi nayonso ili ndi nambala yake, ndipo pali wina penapake yemwe adzalembe tsiku lake osakufunsani.

Amayi tinawalembera ndondomeko ya khodi ija pakapepala, dinani 1, kenako 3, kenako nambala ya mita, n'kukamata kuseri kwa chitseko cha kabati. Pini yokha ndinawaletsa kulemba. Dzulo agula mayunitsi okha, ulendo wachitatu ndi umene unatheka, awiri oyamba inawadula ali m'kati mofufuza magalasi. App yakufa ija akana kuti ndiifufute, akuti mwina tsiku lina idzatseguka.