Dothi la pa wilibala si kukonza msewu

Ine zandikwana. Dzulo potsika phiri kuchokera ku Namwera kupita ku boma la Mangochi, minibasi yathu inaima pa khona pomwe madzi adya msewu cham'mbali. Phula lalendewera m'malere, pansi pake mphako, kalavati yosweka ikuonekera. Chochenjeza madalaivala ndi nthambi yozika pa mulu wa miyala, basi. Pambali anyamata awiri ali ndi wilibala ndi fosholo akuthira dothi, wachitatu watambasula chipewa kuti odutsa aponyemo kangachepe. Kondakitala amvekere: "Tsikani amayi, tsikani bambo, mudutse wapansi galimoto ipepuke." Agogo ena anatsika ndi dengu la tomato pamutu, akuyenda chopendekera m'mphepete mwa chigwembe. Mtima wanga unawawa.

Anyamatawo sindikuwada, akusaka ya sopo. Koma kuthira dothi si kukonza msewu. Kuunjika matumba a mchenga si kukonza msewu. Kubwera ndi galimoto yapamwamba, kuloza ndi chala, kujambulitsa, kenako nkubwerera ku ofesi, nakonso si kukonza. Chaka ndi chaka tikuphimba bala lomwelo ndi dothi lomwelo, mvula ikabwera nkulitenga kukalitaya ku Shire, ife nkudabwa ngati taona zachilendo. Madzi saiwala khwawa, abale anga. Pomwe adadutsa chaka chatha adzadutsanso pomwepo, ndipo dothi lanulo sadzalifunsa chilolezo.

Inde, mitengo m'phiri yatha ndi makala, ngalande nzodzaza mchenga, nyengo nayo yasintha, zonsezo tikuzidziwa. Nanga tikadziwa nkumachitabe zachiphamaso?

Kodi tikufuna phunziro lotani? Namondwe wa Ana mu Januwale 2022 anaononga Kapichira, dziko nkukhala mu mdima. Gombe anabwera pambuyo pake chaka chomwecho. Freddy mu Malichi 2023 anagumula phiri la Soche nkukwirira anthu ku Chilobwe, milatho ku Mulanje ndi ku Phalombe nkukokoloka, midzi ina nkukhala yosafikika pa msewu. Tinalira, tinaika maliro, tinalonjezana zambiri. Lero tabwereranso pa wilibala.

Wina asandiuze kuti ngakhale kwa azungu zimachitika. Ndikudziwa. Namondwe wa Helene mu Sepitembala 2024 anagwetsera mbali ya msewu waukulu wa I-40 mu mtsinje ku mapiri a North Carolina ku America, njanji nazonso zinakokoloka. Koma anzathuwo anatseka msewu, nkuyamba kumanga khoma lochirikiza, ndipo pofika Malichi 2025 magalimoto anayambanso kudutsa. Sanazike nthambi. Sanauze agogo kuti atsike adutse wapansi. Msewu wa m'phiri umafuna simenti, miyala yomanga m'mawaya, makalavati akuluakulu oti madzi adutse mosakankhana, ndi anthu ochotsa mchenga m'ngalande mvula isanayambe. Osati dothi. Dothi ayi!

Ndipo msewu umenewu si wamasewera. Ndi womwe umapita ku Chiponde, ku malire ndi Mozambique. Odwala ochokera kumtunda amatsikira pomwepo kupita ku chipatala cha ku boma. Usipa ukukwera pomwepo, chimanga ndi nandolo zikutsika pomwepo. Tsiku lomwe phula lolendeweralo lidzamasuke ndi galimoto pamwamba, tidzamva zoti ndi ngozi yachilengedwe. Chilengedwe chiti? Mphako tonse tikuiona ndi maso!

Za njanji ndiye musandiyambe. Madzi adadula njanji ku Chiromo mu 1997, ndipo mwana wobadwa chaka chimenecho wakula mpaka kukwatira osaona sitima ikuoloka kupita ku Bangula. Kuno ku Mangochi sitima timangoimvera ku Liwonde, ndiye msewu ukaduka tathera pomwepo.

Komanso inu a minibasi, mwatitsitsa, tayenda wapansi m'matope, ndiye mukukwezeranji mtengo ati chifukwa msewu waipa? Nsapato zanga zomatika matope, ndalama nkulipiranso yoonjezera. Mwatani kodi?