Katundu wanga ndimamusiya m'manja mwa munthu amene amayankha foni kontena ikamatirira

Pagulu lathu la amalonda takhala tikukangana za nkhani imeneyi kwa masiku, ndiye ndati ndilembe maganizo anga pano bwinobwino. Achinyamata ena akuti ma clearing agent (anthu otitulutsira katundu kudoko ndi pamalire) ndi makampani akale onyamula katundu nthawi yawo yatha. Akuti posachedwa aliyense azingotsegula app, kulemba kuti kontena ichoke ku China ifike ku Limbe, kulipira, basi. Ine ndimaitanitsa zipangizo zomangira nyumba, katundu wanga amadzera ku Beira, ndipo sindikugwirizana nawo.

Makampani amene akuwatamawo ndi enieni, ndipo ndalama zimene anapatsidwa si zamasewera. Flexport, kampani yokonza maulendo a katundu kudzera pa intaneti, anaiyambitsa Ryan Petersen ku San Francisco mu 2013. Mu 2019 inalandira madola 1 biliyoni kuchokera kwa oika ndalama motsogozedwa ndi kampani ya SoftBank, ndipo pofika 2022 oika ndalama ankaiwerengera kuti ndi ya madola 8 biliyoni. Convoy ya ku Seattle, imene inkalumikiza eni katundu ndi eni mathiraki kudzera pa foni, inali ndi Jeff Bezos ndi Bill Gates pakati pa anthu amene anaikamo ndalama, ndipo mu 2022 ankaiwerengera madola 3.8 biliyoni. Mu Okutobala 2023 Convoy inatseka. Eni mathiraki ena amene anali atanyamula kale katundu anatsala akudandaula kuti sanalipidwe. Chaka chomwecho Flexport inachotsa antchito kawiri, ulendo uliwonse pafupifupi munthu mmodzi mwa asanu. Kuno ku Africa, Sendy ya ku Kenya, kampani ina ya app yonyamula katundu, nayo inagwa mu 2023.

N'chifukwa chiyani zinagwera nthawi imodzi? Nthawi ya Covid mitengo yonyamulira katundu inakwera mochititsa mantha, moti mu 2021 kontena imodzi ya mafiti 40 inkadutsa madola 10,000 m'njira zikuluzikulu za panyanja. Aliyense amene anali mu bizinesi iyi ankaoneka wanzeru. Mitengo itatsika, chiwongoladzanja chitakwera ku America, oika ndalama anatseka mpopi. Apa m'pamene zinaoneka kuti mtengo wotsika umene makasitomala ankasangalala nawo wina ankawalipirira. Koma taonani makampani akale onyamula katundu: Kuehne+Nagel, imene inayamba ku Bremen mu 1890, inadutsa nyengo yomweyo ndipo ilipobe. DSV ya ku Denmark inafika pogula kampani inzake ya DB Schenker pa mayuro oposa 14 biliyoni.

Koma za kunjazo zikhale apo. Chimene chimandipweteka n'chakuti anthu ambiri amene amalankhula za app sanaonepo pamene ntchito iyi imavutira. Amaganiza kuti vuto ndi kupeza sitima kapena thiraki. Zimenezo n'zosavuta. Vuto limayamba pepala limodzi likalakwika.

Chaka china kontena yanga ya matailosi ndi mipope inafika ku Beira, koma chiwerengero cha makatoni pa bill of lading (chikalata cha eni sitima chosonyeza katundu amene anyamula) chinasiyana ndi cha pa invoice. Wolemba wina kutsidya la nyanja anaphonya. Masiku aulere amene eni sitima amapereka anayamba kutha, ndipo amene anaitanitsapo katundu akudziwa kuti demurrage, ndalama imene umalipira kontena ikachedwa kutuluka padoko, imawerengedwa m'madola, tsiku ndi tsiku, pomwe madolawo ku banki kuno timachita kuwadikirira pamzere. Agent wanga ndi bambo wachikulire, ofesi yake ndi kachipinda kamodzi kam'mwamba, mafayilo omanga ndi mphira mpaka pawindo, fani yolira ngati chigayo. Ndinakhala pabenchi m'menemo kuyambira m'mawa. Ndinawaona akuimbira mnzawo wa ku Beira m'Chipwitikizi chothyokathyoka chosakaniza ndi Chisena, kenako ofesi ya eni sitima, kenako kulemba kalata yopempha kuti chikalata chikonzedwe. Madzulo anandiuza kuti, "Achimwene, pitani mukagone. Ya ku doko ndalipira ine, mudzandibwezera katundu akalowa." Ndalama imeneyo anaitulutsa m'thumba mwawo, popanda chikole, chifukwa anandidziwa kwa zaka zambiri ndipo ankadziwa shopu yanga.

Ntchito yeniyeni ya munthu wotereyu ndi imeneyo: amakukongoza, amasenza ngozi yako, ndipo amadziwa woti amuimbire zinthu zikaima. Amadziwa kuti katundu wakutiwakuti a MRA amamuika m'gulu liti la msonkho, kuti ukalemba molakwika mu ASYCUDA, pulogalamu ya pakompyuta yolembetsera katundu ku kasitomu, udzakhala pa Mwanza masiku angati, kuti ndi katundu uti amene a Malawi Bureau of Standards adzafuna kumuona kaye. Cyclone Idai itasakaza Beira mu Malichi 2019, msewu wotuluka mumzindawo unaduka. Anthu amene anathandiza amalonda nthawi imeneyo anali amene anali ndi anzawo ku Nacala, ku Dar es Salaam ndi ku Durban, oti akanatha kuwauza usiku womwewo kuti katundu wotsatira asinthe njira.

Nkhani ya ngongoleyi ndi imenenso imamiza makampani atsopano. Mwini thiraki amafuna ndalama ya dizilo asanalize injini, ndi yotsala akangotsitsa katundu. Kampani yaikulu imene ili mwini katunduyo imalipira pakatha mwezi kapena miyezi iwiri. Pakatipo pali dzenje, ndipo wina ayenera kulikwirira ndi ndalama zake. Kampani ya app ikamakula msanga, dzenjelo limakula nayo limodzi. Imalikwirira ndi ndalama za oika ndalama, iwo akasiya, amene amatsala padzuwa ndi dalaivala amene watentha kale dizilo wake. Tsono taganizirani zimenezo kuno, kumene mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Amene anali ndi ngongole ya madola kudoko usiku umenewo anadzuka ali ndi ngongole ina.

Komabe ndikanama ndikati akalewa onse ndi abwino. Ndisanakumane ndi bambo ndatchulawa ndinali ndi agent wina amene anandidyetsa "mawa" kwa milungu itatu. Ndikaimba, akuti thiraki yanyamuka. Ndikaimbanso, akuti ili pa Tete. Ndinadzamva kwa dalaivala wina kuti kontena inali isanatuluke n'komwe pageti la doko. Bilu itabwera munali mizere imene sindinaimvetse, ndipo nditafunsa anandiyankha ngati ndawanyoza. Mpaka lero ndikakumbukira mtima umawawa, chifukwa makasitomala anga ndinawanamiza ine, ndi mawu amene ndinapatsidwa ndi wina.

Apa ndiye akuluakulu ananena zoona kuti mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Kalumo ka achinyamata a makompyutawa n'kakuti mwini katundu aone yekha pamene katundu wake ali, aone mtengo wonse asanavomere, zikalata zake zikhale malo amodzi. Zimenezo si zapamwamba, ndi ufulu wa munthu amene akulipira. Palinso vuto lina limene ndikufunitsitsa atalithetsa. Dziko lathu limagula kunja zambiri kuposa zimene limagulitsa, ndiye kunja kwa nyengo ya fodya, tiyi ndi shuga mathiraki ambiri amayenda ulendo umodzi opanda kanthu, ndipo mtengo wa ulendo wopanda kanthuwo umadzagwera pa thumba la simenti limene inu mukugula. Munthu amene angalumikize mlimi wa nandolo ndi thiraki imene ikupita kudoko yopanda katundu, ameneyo ndimuombera m'manja.

Chimene ndikukana ndi mtengo wogwetsedwa dala ndi ndalama za anthu akutali kuti akalewa afe. Akafa, kampaniyo n'kudzatseka ngati Convoy, tidzaimbira ndani? Munthu wodziwa doko la Beira sapangidwa m'miyezi isanu ndi umodzi.

Bambo a kachipinda kam'mwamba aja chaka chatha analemba ntchito mdzukulu wawo wamkazi amene anaphunzira za makompyuta. Panopa kontena ikatsika m'sitima ndimalandira uthenga pa WhatsApp, ikatuluka pageti ndimalandira chithunzi cha nambala ya thiraki, ikafika pa Zobue dalaivala amatumiza pamene ali. Bilu imabwera mzere uliwonse utafotokozedwa. Mafayilo a mphira aja akadali pawindo, ndipo mwezi watha satifiketi ina itachedwa, amene anaimba foni ndi agogowo.